William Koyi, Mlaliki wa kwa Angoni

William Koyi anagona tulo ta imfa pa Njuyu pa 4 Juni m'chaka cha 1886. Munthu ameneyu anali Mxhosa, wobadwa m'chaka cha 1846 ku dziko la Cape. Pa ubwana wake sanaone sukulu, ndipo anakula akuyendetsa ngolo za ng'ombe. Atamva mawu a Mulungu, mtima wake unakhumba kuphunzira, nalowa sukulu ya ku Lovedale m'chaka cha 1871, ali munthu wamkulu kale.

M'chaka cha 1876 Dr. James Stewart anafuna anthu oti akathandize ntchito ya Livingstonia ku Nyanja. Koyi anadzipereka pamodzi ndi anzake atatu, ngakhale iye anali wochepa maphunziro mwa onsewo. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira ku Cape Maclear chaka chotsatira, koma Koyi sanabwerere m'mbuyo.

Masiku amenewo dzina la Angoni a Inkosi M'mbelwa linali loopsa m'dziko lonse la kumpoto. Atonga a m'mbali mwa nyanja anali kukhala m'malinga, ndipo mbiri ya nkhondo inali kuthamanga mudzi ndi mudzi, nikula pakamwa pa aliyense woinena. Koyi sanafune kuwadziwa Angoni mwa mphekesera. Popeza chinenero chake chinali pa ubale ndi Chingoni, anakwera kumapiri kukalankhula nawo maso ndi maso, ndipo m'chaka cha 1879 anaperekeza Dr. Robert Laws kwa M'mbelwa. Kuyambira 1882 anakhazikika pa Njuyu.

Zaka zimenezo zinali za mayesero. Nduna zinakana sukulu, poopa kuti anyamata akadziwa buku adzataya mkondo. Kawirikawiri kunamveka kuti nkhondo itsikira ku Bandawe, kapena kuti a mishoni apirikitsidwa. Zina mwa mbirizo zinali zoona ndithu, pakuti magulu a nkhondo anali kupita ndi kubwera iye akuona. Koma Koyi akamva mawu oopsa ankayamba wapemphera, kenaka nkupita kukakhala pansi ndi eni nkhaniyo, nawafunsa mofatsa. Angoni anamutcha Mtusane, namkhulupirira monga mkhalapakati wawo. Anyamata ena, monga Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ankabwera usiku mobisika kudzaphunzira.

Kuchiyambi kwa 1886 kunagwa chilala. Nsembe za kwa mizimu zitalephera, akuluakulu anapempha Dr. Walter Elmslie kuti apemphere kwa Mulungu, ndipo mvula inagwa. Pasanapite nthawi yaitali mafumu analola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthenga umenewu unampeza Koyi ali gone pa mphasa ya matenda, naulandira ndi chiyamiko, namwalira ali ndi zaka ngati 40. Abale awiri aja anabatizidwa m'chaka cha 1890, ndiwo zipatso zoyamba za Ungoni.

Mbiri zoopsa sizinathe ndi mikondo. M'zaka za m'ma 1950 anthu a ku Northern Rhodesia ananjenjemera ndi mphekesera za anthu oyamwa magazi, ndipo m'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kale mbiri inkayenda ndi miyendo. Tsopano wailesi, nyuzipepala ndi foni ziifikitsa tsiku lomwelo, ndipo wogulitsa nkhani adziwa kuti yoopsa ndiyo iyenda malonda.

Salimo 112 liphunzitsa kuti munthu wokhulupirira Yehova sagwedezeka ndi uthenga woipa. Koyi sanatseke makutu ake, ndipo Mkhristu sayenera kutero. Koma pakumva, ayambe wafunsa kumene mawu achokera, asawapitirize asanatsimikize, ndipo aziwerenga Buku Lopatulika asanatsegule wailesi. Motero mlendo wofika pamudzi madzulo adzapatsidwa madzi ndi mphasa, osati miyala.