Yohane wa Mulungu Woyera, Amene Adamangidwa Pamodzi ndi Amisala

Pa 8 Malichi chaka ndi chaka Eklezia Katolika amakumbukira Yohane wa Mulungu Woyera, nkhoswe ya odwala ndi ya zipatala. Ambiri adalimva dzina lake. Koma ngowerengeka amene adziwa kuti munthu ameneyu, asanayambe kusamala odwala, iye mwini adatsekeredwa m'chipinda cha amisala, nalawa mkwapulo umene anthu a masiku amenewo ankauyesa mankhwala.

Adabadwa m'chaka cha 1495 ku Montemor-o-Novo, m'dziko la Portugal, ndipo dzina lake lidali João Cidade. Ali ndi zaka 8 adachoka pakhomo pa makolo ake, nakakulira ku Oropesa, m'dziko la Spain, akuweta nkhosa za eni. Atakula adalowa usilikali. Mu 1523, pa nkhondo ya ku Fuenterrabía, adangotsala pang'ono kunyongedwa chifukwa katundu amene adamuika kuti alonde adabedwa. Mu 1532 adapitanso ndi ankhondo a Mfumu Charles V ku Vienna. Pambuyo pake adaolokera ku Ceuta, kumpoto kwa Afrika, kumene adagwira ntchito yomanga linga la mzinda kuti adyetse banja lina limene lidagwa mu umphawi. Potsiriza adafika ku Granada, natsegula kasitolo ka mabuku ndi zithunzi za Oyera pafupi ndi chipata cha Elvira. Zaka zoposa makumi anayi zidatha chotero: wopanda mkazi, wopanda mudzi, mtima wosakhazikika.

Pa tsiku la Sebastiano Woyera, 20 Januwale, adapita kukamvera ulaliki wa Bambo Juan de Ávila, wansembe wodziwika m'dziko lonselo. Mawu aja adamlasa. Machimo ake onse adamgwera pamtima nthawi imodzi, ndipo adatuluka akufuula kupempha chifundo cha Mulungu, akudziguguda pachifuwa, akugubuduka m'matope. Mabuku ake adawagawa, ena adawang'amba. Zovala zake adapatsa anthu. Ana a mumzinda adamthamangira namponya miyala. Tsono anthu ena, pomumvera chisoni, adamtengera ku chipatala chachikulu cha mfumu, Hospital Real, ku mbali ya odwala misala.

Kumeneko mankhwala adali unyolo ndi chikoti. Osamala odwala ankakhulupirira kuti ululu wa thupi ubweza nzeru za munthu, choncho ankamanga wodwala manja ndi miyendo namkwapula. Yohane adalandira zonsezo. Poona anzake akuzunzidwa chimodzimodzi adadzudzula okwapulawo, ndipo iwo adamuonjezera zikoti. Olemba mbiri yake ena amati adadwaladi mutu, ena amati chidali chisoni chopitirira cha machimo chimene anthu sadachimvetse. Kaya ndi chiti, mikwingwirima ya pamsana pake idali yofanana ndi ya anzakewo, ndipo m'chipinda chomwecho mudabadwa chifuniro chimene sichidamchokenso: kuti Mulungu adzampatse nyumba yakeyake yosonkhanitsiramo amphawi otayika ndi osokonezeka nzeru, kuti awatumikire monga anthu.

Amene adamchiritsa mtima ndi wansembe yemwe uja. Bambo Juan de Ávila sadamnyoze, komanso sadamtamande chifukwa cha kudzizunza kwake. Adamumvera modekha, namtenga ngati mwana wake wauzimu, namlangiza kuti aleke zodzilanga zopyola muyeso, akhulupirire kuti Mulungu wamkhululukira, ndipo mphamvu zake aziike pa kuthandiza ena. Apa akatekisti ayenera kuima pang'ono. Munthu wolemedwa ndi mantha a machimo sapepukidwa pomuopseza ndi moto wosatha. Wamva kale zokwanira za chiweruzo. Asowa wina womumvera, womkumbutsa za chifundo, ndi wompatsa ntchito yooneka yoti manja ake agwire. Yohane atalandira zitatuzi adakhala phee, nayamba kuthandiza odwala anzake m'chipatala momwemo kufikira adamtulutsa.

Atapita kukapemphera kwa Amayi Maria ku Guadalupe, adabwerera ku Granada, mzinda womwewo umene udamuona akugubuduka m'matope. Kudali kulimba mtima kwakukulu, pakuti ambiri ankamuyesabe wopenga. Adayamba ndi kutola nkhuni ndi kugulitsa, ndalama zake nadyetsa osauka. Kenaka adapeza nyumba ya lendi mu msewu wa Lucena, ndipo itachepa adasamukira ku ina yokulirapo pa chitunda cha Gomérez. Usiku ankayenda ndi dengu kumsana ndi miphika m'manja kupempha chakudya. Wodwala wosatha kuyenda ankam'bereka yekha. M'kalata yake ina adawerenga anthu oposa 110 m'nyumbamo: opuwala, akhate, osalankhula, amisala, okalamba ndi ana. Amakumbukiridwa kuti adafuna wodwala aliyense akhale ndi kama wake, ndi kuti odwala agonekedwe monga mwa nthenda zao, zinthu zimene zidali zachilendo pa nthawiyo. Episkopi wa ku Tui ndiye adamutcha Yohane wa Mulungu nampatsa mkanjo wovala.

Mankhwala a matenda a maganizo amene madokotala ali nawo lero iye adalibe. Adali ndi Mthenga Wabwino: Msamariya uja amene adamanga mabala a mlendo nalipira chigono chake, ndi munthu wa ku manda uja, m'mutu 5 wa Marko Woyera, amene maunyolo adamlephera koma Ambuye Yezu adam'bwezera kwa abale ake ali bwino. Yohane adasambitsa odwala ndi kuwadyetsa, naitananso ansembe kuti awapatse masakramenti. Thupi ndi mzimu sadazilekanitse.

Ngakhale odwala chidani adawachiritsa. Antón Martín adabwera ku Granada kudzafuna kuti Pedro Velasco, amene adapha mbale wake, aphedwe. Yohane adawayanjanitsa, ndipo onse awiri adasanduka anzake oyamba pa ntchito ya chipatala.

Mu 1549 Hospital Real idapsa. Yohane adalowa m'moto natulutsa odwala m'nyumba yomwe ija adakwapulidwiramo. Patapita miyezi ingapo adadziponya mu mtsinje wa Genil pofuna kupulumutsa mnyamata wokokoloka ndi madzi, ndipo thupi lake lotopa kale silidapirire kuzizirako. Adamwalira pa 8 Malichi 1550 m'nyumba ya banja la Pisa, ali chogwada, atapereka kwa Arkiepiskopi Pedro Guerrero buku la ngongole zimene adakongola chifukwa cha amphawi ake.

Papa Pius V adavomereza chipani cha Abale ake mu 1572; Papa Alexander VIII adamlemba m'gulu la Oyera mu 1690; ndipo mu 1886 Papa Leo XIII adamuika, pamodzi ndi Camillus de Lellis Woyera, kukhala nkhoswe ya zipatala ndi odwala. M'zaka za m'ma 1990 Abale a chipani chake ochokera ku Ireland adafika ku Mzuzu, nayamba kumeneko ntchito yosamala odwala matenda a maganizo, ndipo pambuyo pake adatsegulanso sukulu yophunzitsa ogwira ntchito imeneyi.