Louis-Marie wa ku Montfort Woyera, Mlendo wa Mulungu

Ife a ku Mulanje tinalandira chikhulupiriro chathu kudzera mwa ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901. Kholo lawo, Louis-Marie Grignion, anabadwira ku Montfort m'dziko la France pa 31 Januwale 1673, nadzozedwa unsembe mu 1700.

Anali munthu woyenda pansi, korona ili m'manja. Atamuletsa kulalika mu dayosizi ya Poitiers sanataye mtima. Mu 1706 anayenda wapansi mpaka ku Roma, kumene Papa Clement XI anamutuma kubwerera kwawo kukalalika Mthenga Wabwino.

Ku Pontchâteau anasonkhanitsa anthu mazanamazana nawunda phiri la Kalvario. Mu 1710, kutatsala tsiku limodzi kuti lidalitsidwe, mwambowo unaletsedwa, ndipo mfumu inalamula kuti ligumulidwe. Iye anamvera. Phirilo linamangidwanso pambuyo pake, ndipo mpaka lero akhristu amapita kukapempherako.

Anamwalira pa 28 Epulo 1716 ali ndi zaka 43. Papa John Paul II anakapemphera pamanda ake mu 1996.

Abale ndi alongo, ponyamuka ulendo wa ku malo oyera, tisaiwale korona ndi mtima wopirira ngati wake.