Georg Simon Ohm

Georg Simon Ohm (16 Malichi 1789 – 6 Julayi 1854) anali mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi wa ku Germany. Ndiye anatulukira lamulo lofotokoza mmene magetsi amayendera m'waya, lomwe amisiri amadalira poyeza mawaya a m'nyumba.

Ubwana ndi maphunziro

Ohm anabadwira ku Erlangen. Bambo ake, omwe ankakonza maloko, anadziphunzitsa okha masamu n'kuphunzitsanso iye ndi mng'ono wake Martin. Mu 1805 analowa yunivesite ya Erlangen, koma anatengeka ndi zosangalatsa mpaka bambo ake anamutumiza ku Switzerland, komwe anayamba uphunzitsi. Atabwerera kwawo, analandira digiri ya udokotala mu 1811. Mu 1817 anapeza ntchito pasukulu ya sekondale ku Cologne yomwe inali ndi zipangizo zabwino za sayansi.

Kafukufuku

Mabatire a nthawi imeneyo mphamvu yake sinkakhazikika, choncho zoyeza zinkangosinthasintha. Mu 1826 Ohm analeka mabatire. Analumikiza kopa ndi chitsulo china chotchedwa bismuth, n'kuika polumikizira pamodzi m'madzi owira, penapo mu ayezi. Kusiyana kwa kutenthako kunkatulutsa mphamvu yosasintha. Kenako ankadutsitsa magetsiwo m'mawaya a kopa osiyana kutalika, n'kumaona mmene singano ya maginito ikupatukira.

Anapeza kuti waya aliyense amakaniza magetsi pamlingo wakewake, womwe lero umatchedwa rezisitansi. Waya wautali kapena wowonda amakaniza kwambiri kuposa wamfupi kapena wonenepa. Voteji ikawirikiza kawiri, magetsi odutsa amawirikizanso kawiri. Rezisitansi ikawirikiza kawiri, amatsika ndi theka. Anafotokoza zimenezi m'buku lomwe linatuluka ku Berlin mu 1827.

Kunyozedwa ndi kulemekezedwa

Akatswiri ambiri a kwawo sanalilandire bukulo. Ohm anasiya ntchito ya ku Cologne n'kukhala zaka zingapo ku Berlin akuphunzitsa pamalipiro ochepa, kufikira 1833 pamene analembedwa ntchito pasukulu ya zaumisiri ku Nuremberg. Ulemu unachokera kunja: bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley mu 1841. Anakhala pulofesa wa fizikisi payunivesite ya Munich mu 1852, ndipo anamwalirira mumzindawo patapita zaka ziwiri zokha.

Lamulo lake pantchito

Muyeso wa rezisitansi umatchedwa ohm pomukumbukira. Mmisiri akamakoka magetsi kupita panja, monga ku getsi la pageti, amayamba wazimitsa magetsi n'kutsimikiza kuti azimadi. Kuti adziwe waya yemwe wagwira, amalumikiza awiri kumapeto kwina n'kuyeza kumapeto kuno: ma ohm ochepa amasonyeza kuti ndi omwewo ndipo sanaduke. Akawalekanitsa, pakati pawo payenera kukhala ma ohm mamiliyoni. Akachepa, ndiye kuti pulasitiki wokuta wayayo wang'ambika kapena mwalowa chinyontho, zomwe zingaphe munthu kapena kubutsa moto.