William Henry

William Henry (12 Disembala 1774 – 2 Sepitembala 1836) anali dokotala komanso katswiri wa kemisitiri wa ku England. Amadziwika chifukwa chotulukira mmene mpweya umasungunukira m'madzi, mfundo imene masiku ano imatchedwa lamulo la Henry.

Ubwana ndi maphunziro

Henry anabadwira mumzinda wa Manchester. Bambo ake, a Thomas Henry, ankapanga ndi kugulitsa mankhwala, komanso madzi akumwa othiridwa mpweya, ofanana ndi soda wa lero. Motero mwanayu anakula akuona madzi ndi mpweya zikusakanizidwa pantchito ya bambo ake.

Ali ndi zaka 10, mtanda wa denga unamugwera n'kumuvulaza kwambiri, ndipo ululu wake sunamusiye moyo wake wonse. Anayamba kuphunzira zachipatala kwa dokotala wotchuka Thomas Percival, kenako mu 1795 anapita ku yunivesite ya Edinburgh. Analekeza panjira kuti akathandize pabizinesi ya kwawo, ndipo digiri ya udokotala anadzailandira mu 1807.

Lamulo la Henry

Aliyense amadziwa kuti mchere ndi shuga zimasungunuka m'madzi: shuga ndiye chosungunuka, madzi ndiwo chosungunulira. Chimene maso saona n'chakuti mpweya nawonso umasungunuka. Funso la Henry linali lakuti, kodi madzi angamwe mpweya wochuluka bwanji, nanga chimasintha muyezowo n'chiyani?

Iye ankatsekera madzi ndi mpweya m'chipangizo chagalasi, n'kumagwedeza, kwinaku akuyeza mpweya umene walowa m'madzimo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1803 ndi bungwe la Royal Society. Anapeza kuti kutentha kukakhala kosasintha, mpweya wosungunuka umachuluka molingana ndi mphamvu imene mpweyawo ukupanikizira pamadzi. Mphamvuyo ikawirikiza kawiri, mpweya wosungunuka umawirikizanso kawiri. Lamuloli siligwira bwino pa mipweya imene imasintha ikakumana ndi madzi, monga amoniya.

Botolo la Fanta limaonetsa zimenezi bwino lomwe. Kufakitale amapanikiziramo mpweya wa kaboni dayokisaidi n'kutseka. Munthu akangotsegula, mphamvu yopanikiza ija imatsika, madziwo amalephera kusunga mpweya wonse, ndiye umatuluka ngati thovu. Botolo likhalitse lotsegula, chakumwacho chimazizira kukoma.

Henry anayezanso za kutentha, ndipo apa mpweya umasiyana ndi shuga. Shuga amasungunuka wambiri mu tiyi wotentha, pomwe mpweya umathawa madzi akatentha. Lita imodzi ya madzi abwino imasunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni pa madigiri 20, koma pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5 okha. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kwa nsomba ndi nkhani ya moyo. Mlimi wa maiwe ku Naisi kapena m'chigwa cha Domasi amakumana nazo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene madzi aphwa ndiponso afunda. N'chifukwa chakenso nsomba za trout, zomwe zimafuna okosijeni wambiri, zimakhala m'madzi ozizira a pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe makumba ndi chilunguni zimapirira m'maiwe a kumunsi.

Ntchito zina

Henry anali bwenzi la John Dalton, ndipo awiriwa ankakambirana kwambiri za mipweya. Nkhani imene Dalton anawerenga mu 1803, yonena za mpweya wolowa m'madzi, ndi imene inadzatuluka ndi mndandanda wake woyamba wa kulemera kwa maatomu.

Mu 1808 Henry analandira mendulo ya Copley, ndipo chaka chotsatira anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Buku lake lophunzitsira, Elements of Experimental Chemistry, linasindikizidwa maulendo 11. Anafufuzanso za gasi wochokera ku malasha, ndipo kolera itafika ku Britain mu 1831 anayesa njira yotenthetsa zovala za odwala kuti zisafalitse matenda.

Imfa

M'zaka zake zomaliza ululu uja unakula, tulo tinkamusowa, ndipo anavutika maganizo. Anadzipha ku Pendlebury, pafupi ndi Manchester, ali ndi zaka 61. Mwana wake, William Charles Henry, ndi amene anadzalemba mbiri ya moyo wa Dalton mu 1854.