Du Chisiza Jr: Zooneka ndi Zenizeni

M'nkhani ino ndikuunika moyo wa Dunduzu Chisiza Jr, mlembi wa masewero yemwe kwawo kunali ku Karonga. Iye adabadwa mu 1963, patangotha miyezi yochepa bambo ake, Dunduzu Chisiza, atamwalira pa mlatho wa Thondwe mu 1962. Boma lidati inali ngozi ya galimoto, koma anthu ambiri adakayika. Ndikuona kuti kusiyana kotereku, pakati pa zonenedwa ndi zochitika, ndiko kudakhala phata la zolemba zake.

Mu 1987 adakhazikitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre. Nthawi imeneyo sewero lililonse linkayamba launikidwa ndi bungwe la Censorship Board. Choncho m'masewero monga Papa's Empire, Du ankakulunga chidzudzulo m'nkhani yopeka, ndipo oonera ankadziwa okha yemwe akunenedwa.

Komabe mu 1993 adavomera unduna m'boma la Kamuzu Banda, lomwe ankalidzudzulalo, ndipo ena mwa omutsatira adakhumudwa. Adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35. Kwa ine, funso lomwe masewero ake ankafunsa atsogoleri lidamugweranso mwini wake: kodi nkhope yeniyeni ndi iti?