SHEHE ABDALLAH BIN HAJI MKWANDA, MWALIMU WA M'MBALI MWA NYANJA

Pamene tikusangalala pa tsiku lalikulu la Eid, ndi bwino tikumbutsane za mmodzi mwa akuluakulu amene anavutikira kuti Qur'an iziwerengedwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathuyi. Tikunena za Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda. Ana athu ambiri dzinali sanalimvepo, chonsecho zimene amaphunzira ku madrassa zinadzera m'manja mwa anthu ngati iwowa.

Shehe Mkwanda anabadwa cha m'ma 1860. Bambo awo anali munthu wodziwika pa malonda a minyanga ya njovu. Masiku amenewo nyanjayi ndiyo inali msewu waukulu. Zombo zamatanga zinkanyamuka kuchokera magombe a kuno kwathu ndi ku Nkhotakota, n'kuwolokera tsidya la kum'mawa, kwa Makanjira ndi madoko ena. Kuchokera kumeneko anthu ankayenda wapansi masabata angapo mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Popita ankasenza minyanga, pobwera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Tisabisepo kanthu: m'njira yomweyo munkadutsanso akapolo, ana a anthu ogwidwa m'midzi, ndipo ichi ndi chilonda cha mbiri yathu.

Chisilamu chinali chitafika kale. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjira inalowa Chisilamu. Koma kulowa chipembedzo ndi kuchidziwa ndi zinthu ziwiri. Odziwa kuwerenga anali ochepa zedi, ambiri mwa iwo alendo a Chiswahili okhala pabwalo la mfumu. Munthu wamba wa kumudzi, msodzi kaya mlimi, analibe womuphunzitsa swala.

Mnyamata Abdallah anatsata njira ya malonda ija mpaka ku Kilwa, koma chimene anakatenga kumeneko ndi maphunziro a Qur'an. Anabwerera kuno m'chaka cha 1884. Akanatha kungokhala pa chuma cha minyanga monga bambo awo, koma iwo anayamba kuyendayenda m'madera a m'mbali mwa nyanja, kuphunzitsa ndi kulalikira. Sukulu ya nthawi imeneyo inalibe mabenchi. Ana ankakhala pamphasa kapena pamchenga, aliyense ndi ubao wake, mwalimu n'kulemba ayah, mwana n'kuibwereza mpaka ilowe m'mutu, kenaka n'kutsuka ubaowo kuti alembepo ina. Ophunzira ochokera kutali ankagona kwa mwalimu wawo, kumuthandiza kumunda ndi ntchito zapakhomo.

Pasanathe zaka khumi zinthu zinatembenuka. Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo chaka chomwecho Harry Johnston anayamba nkhondo ndi Makanjira. Zombo zinaotchedwa, linga la Fort Maguire linamangidwa, ndipo pofika 1895 mphamvu za Makanjira zinali zitatha. Chaka chomwecho Jumbe womaliza wa ku Nkhotakota anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar. Amishoni nawo anali akutsegula sukulu, ku Likoma, ku Nkhotakota ndi malo ena. Munthu akanaganiza kuti Chisilamu chithera pomwepo, poti mafumu ochiteteza agwa ndipo malonda amene chinabwera nawo atsekedwa.

Sizinatero ayi. M'zaka zimenezi ndi pamene Chisilamu chinafala kwambiri m'midzi, mizikiti ya udzu n'kumamangidwa mudzi ndi mudzi. Chifukwa chachikulu n'choti Shehe Mkwanda ndi anzawo anali ataphunzitsa anthu a konkuno, olankhula Chiyao ndi Chinyanja. Wophunzira akamaliza ankapita kwawo kukatsegula madrassa yake, nayenso n'kutulutsa amwalimu ena. Mfuti imatha kuphwanya chombo, koma surah imene mwana waisunga pamtima siingalandidwe. Shehe Mkwanda anamwalira mu 1930, atagwira ntchitoyi zaka zoposa 40. Mwa amene anapitiriza ntchito yotereyi, wodziwika kwambiri ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anamwalira mu 1959.

Pali china choti tisachiiwale. M'nthawi ya atsamunda makolo athu ambiri sankatumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawasintha chipembedzo ndi dzina. Deen anaisunga, Alhamdulillah, koma pa ntchito za m'boma ndi m'zipatala tinatsalira. Lero mantha amenewo palibe. Mwana angathe kupita ku pulayimale m'mawa, masana n'kubwera ku madrassa.

Tsono abale, taonani mmene zikukhalira kuno. Usipa ukagwa, anyamata amathera kunyanja. Mpunga ukayamba kucha, atsikana ndi ang'onoang'ono amakhala kudimba kuingitsa mbalame, pa madrassa n'kutsala ana owerengeka. Shehe Mkwanda anayenda mpaka ku Kilwa kufuna zimene ife tazipeza pakhomo. Tikadya mpunga wa Eid n'kutha, makolo tiwerenge ana athu, tione amene sadziwa Al-Fatiha ndi amene anasiya sukulu, ndipo Lolemba tiwaperekeze tokha.

Allah awakhululukire Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi amwalimu onse amene anatitsogolera, awapatse Jannah. Ameen. Eid Mubarak kwa nonse.