Belding Scribner: Sing'anga Amene Anatsegula Khomo la Magazi

Impso ndi ziŵalo ziŵiri zimene zimasefa magazi ndi kutulutsa zoipa kudzera m'mkodzo. Zikaleka kugwira ntchito, munthu amatupa, amafooka, ndipo posakhalitsa amamwalira. Makina osefa magazi m'malo mwa impso anawapanga ndi Willem Kolff wa ku Netherlands pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Koma panatsala vuto lalikulu. Nthaŵi iliyonse wodwala akamaikidwa pa makinawo, madokotala ankacheka mtsempha watsopano, ndipo mtsempha wochekedwawo unkawonongeka. Mitsempha yabwino ikatha, wodwala ankafa makina ali pomwepo.

Amene anapeza njira pa vutoli ndi Belding Scribner. Iye anabadwira ku Chicago, m'dziko la America, pa 18 January 1921. Anaphunzira zaudokotala ku Stanford, ndipo m'chaka cha 1951 anayamba kuphunzitsa pa University of Washington mumzinda wa Seattle.

M'chaka cha 1960, atatopa ndi kubweza odwala kwawo kuti akadikire imfa, Scribner anaganiza zosiya timachubu tiŵiri ta Teflon pamkono wa wodwala: kena mumtsempha wochokera kumtima, kena mumtsempha wobwerera kumtima. Wodwala akachoka pa makina, timachubuto ankatilumikiza kunja kwa khungu kuti magazi aziyendabe. Wayne Quinton ndiye anapanga timachubuto, ndipo David Dillard ndiye anachita opaleshoni. Pa 9 March 1960 Clyde Shields, wogwira ntchito ku kampani ya Boeing, anakhala woyamba kuthandizidwa mwa njirayi, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 11.

Komabe khomo lotseguka limaloŵetsa mlendo ndi mbala yomwe. Magazi ankaundana m'timachubuto, tizilombo tinkaloŵera pabala, ndipo kachubu kakazuka munthu ankataya magazi ochuluka. Ndiye chifukwa chake m'chaka cha 1966 James Cimino, Michael Brescia ndi Kenneth Appel a ku New York anafalitsa njira yosokerera mitsempha iŵiriyo pamodzi kunsi kwa khungu. Njirayi imatchedwa fistula, ndipo ndiyo yodalirika koposa, ngakhale kuti nayonso imatha kutsekeka kapena kutupa.

M'chaka cha 1962 Scribner anathandiza kutsegula malo oyamba osefera magazi odwala oyendera kuchokera kunyumba. M'chaka cha 2002 iye ndi Kolff analandira mphotho ya Lasker. Anamwalira ku Seattle pa 19 June 2003 ali ndi zaka 82.

Nkhaniyi si yakutali ayi. Kwa zaka zambiri wodwala impso wa ku Mzimba boma, Embangweni kapena Jenda ankayenera kupita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kukasefetsa magazi. Odwala ambiri amayamba ndi kachubu ka pakhosi, kamene kamagwira tizilombo msanga. Choncho aphunzitsi ndi achinyamata amene akusamala odwala otere akumbuke izi: pamalo pa kachubu pasanyowe, mkono wa fistula usanyamule katundu wolemera, usagoneredwe, ndipo asatengepo magazi kapena kuyezapo kuthamanga kwa magazi. Kunjenjemera kumene kumamveka pamtsemphawo kukaleka, kapena wodwala akatentha thupi, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Scribner anatsegula khomo. Kulisunga ndi ntchito ya wodwala ndi abale ake.